Galu wotola: kumuyeza DNA, kudalira maso, kapena kupita naye kwa adokotala a ziweto?

Galu wathu tinamutola mu Januwale chaka chatha, mvula ili pakati, m'ngalande ya m'mbali mwa msewu pafupi ndi mlatho wa Likangala ku Mpondabwino. Mwana wanga wamkazi ndiye anamva kulira. Kanali kagalu ka masabata ngati 6, kamimba kali tuu ndi njoka, nthiti zikuwerengeka, m'makutu nkhupakupa zitaunjikana ngati mapira. Tinakakulunga m'chitenje n'kukwera nako kabaza mpaka kwathu ku Matawale. Dzina silinavute: Tatola.

Lero ndi galu wamkazi wamkulu ndithu, ubweya wofiira ngati katondo, msana wakuderako, mchira wopindikira m'mwamba, khutu limodzi loima linalo logwa. Aliyense wofika pakhomo amagamula za mtundu wake. Bambo amene amatilondera usiku amati, "Mayi, uyu ndi German Shepherd, taonani msanawo." Mlamu wanga amalumbira kuti muli magazi a Ridgeback. Apongozi anga a ku Jali anangomuyang'ana kamodzi n'kunena kuti, "Wachikuda uyu, ngati aja ankapita nawo kuuzimba agogo anu."

Mwana wa achimwene anga amene akuphunzira ku Leeds ku Britain ataona chithunzi pa WhatsApp analemba kuti, "Azakhali, kuno kuli timabokosi toyezera DNA ya agalu. Ndikugulireni kuti mkanganowu uthe?" Mtima unadumpha, chifukwa galu amene unamutola m'madzi umafunitsitsa kudziwa kumene anachokera. Koma atatchula mtengo ndinamupempha kuti ayambe wadikira. Zimene ndinapeza m'masabata otsatira ndi zimene ndikulemba pano, kuti zithandize wina amene watola galu pamsewu kapena wakamutenga kumalo osungirako agalu osowa mwini, monga ku BSPCA ku Blantyre kapena ku LSPCA ku Lilongwe.

DNA ndi malangizo a m'thupi amene cholengedwa chilichonse chimatengera kwa makolo ake. Kuyezako pakokha n'kosavuta. M'kabokosi mumakhala kamtengo kathonje. Mumadikira kuti papite kanthawi galu atadya, n'kumupukuta m'kati mwa tsaya kwa masekondi angapo, kutsekera bwino, n'kutumiza ku labotale. Makampani odziwika kwambiri ndi awiri a ku America: Embark, imene imagwira ntchito ndi sukulu ya madokotala a ziweto ya pa Cornell University, ndi Wisdom Panel ya kampani ya Mars. Onse awiri amati amazindikira mitundu yoposa 350. Makina awo sawerenga DNA yonse ayi. Amayang'ana malo osankhidwa pa makromozomu 78, timaphukusi ta DNA timene galu ali nato, a Embark malo oposa 200,000, kenako kompyuta imafananiza zidutswazo ndi za agalu amene mtundu wawo ukudziwika kale. Yankho limabwera pa intaneti pakatha masabata 2 mpaka 4 malovuwo atafika.

Nkhani yonse yagona pa kufananizako. Kompyuta imatchula zokhazo zimene zili m'nkhokwe yake, ndipo nkhokwezo zinadzazidwa ndi agalu a ku Ulaya ndi ku America.

Mitundu imene timati yachizunguyi ndi yadzulodzuloli. Chionetsero choyamba cha agalu chinachitikira ku Newcastle ku Britain mu 1859, bungwe lolemba mitundu ya agalu m'kaundula la Kennel Club linakhazikitsidwa mu 1873, ndipo German Shepherd woyamba analowa m'kaundula mu 1899 kudzera kwa Max von Stephanitz. Anthu ankasankha agalu ochepa n'kumawakweretsa pachibale mpaka ana onse azibadwa ofanana. Koma agalu ambiri padziko lapansi, pafupifupi atatu mwa anayi alionse, sanadutse pachipata chimenecho. Amaswana okha, amadya zotsala, ndipo amene wapirira nkhupakupa, dzuwa ndi njala ndiye amasiya mbewu. Ndi amene timawaona atagona pansi pa mabenchi a tomato ku Songani, kapena akununkhiza mamba a nsomba padoko la Kachulu.

Mu 2009, Adam Boyko, amene pambuyo pake anayambitsa Embark pamodzi ndi m'bale wake Ryan, anafalitsa kafukufuku wa agalu a m'midzi ya ku Egypt, Uganda ndi Namibia. Anapeza kuti ambiri sanali zidzukulu zosochera za agalu achizungu. Anali agalu a komweko kuyambira kalekale, a mbewu yawoyawo. Chigawo chapakati cha Namibia chokha, kumene azungu anakhazikika, ndiko kunapezeka magazi ambiri achilendo. Izi zinandikumbutsa za kwathu kuno. Zomba inali likulu la dziko mpaka 1975, ndipo akuluakulu aboma lachitsamunda anakhala zaka zambiri m'munsi mwa phirili ndi agalu awo. Masiku anonso mipanda yambiri ya ku Mulunguzi ndi ku Old Naisi ili ndi agalu akuluakulu olondera amene usiku wina amapeza mpata pageti. Choncho galu wa m'tauni muno akhoza kukhala ndi kachidutswa kachilendo. Koma thunthu lake, nthawi zambiri, ndi lachikuda.

Ndiye tangoganizani: mwalipira, mwadikira miyezi, foni yalira, mwatsegula. Kampani imene ili ndi agalu a kumudzi m'nkhokwe yake, monga Embark, yalemba kuti African Village Dog, kutanthauza galu wa m'midzi ya mu Africa. Ndi yankho loona, ndipo ndi lomwe lija apongozi anapereka ali chikhalire pamkeka. Kampani imene ilibe agalu otere m'nkhokwe siyankha kuti yalephera. Imagawagawa galuyo tizidutswa, apa 7 peresenti ya mtundu uwu, apo 4 peresenti ya mtundu winawo, mitundu imene mwina sinapondepo m'Malawi muno, chifukwa kompyuta ikungosaka chofananako.

Njira ya maso

Iyi ndi yaulere ndipo tonse timaigwiritsa ntchito. Vuto lake n'lakuti pa agalu osakanizika mwambi uja wakuti make mbuu mwana mbuu sugwira. Akatswiri awiri, John Paul Scott ndi John Fuller, ku Bar Harbor ku America, anakweretsa basenji, galu wochokera ku Congo, ndi cocker spaniel. Zotsatira anazifalitsa mu 1965. Ana sanafanane ndi bambo kapena mayi, ndipo zidzukulu zinatuluka za maonekedwe osiyanasiyana moti munthu sakanakhulupirira kuti agogo awo ndi amodzi. Mu 2009 Victoria Voith anayeza agalu 20 ochokera kumalo osungirako agalu, ndipo mwa amene anali atapatsidwa dzina la mtundu poyang'ana maonekedwe, mmodzi yekha mwa anayi alionse ndiye anagwirizana ndi DNA. Amene anapereka mainawo anali anthu amene amakhalira agalu tsiku ndi tsiku.

Chifukwa chake n'chakuti zinthu zimene diso limathamangirapo, monga mtundu wa ubweya, kutalika kwake ndi kaimidwe ka makutu, zimalamulidwa ndi majini (tizigawo ta DNA) ochepa kwambiri. Msana wakuda ndi kalembedwe chabe kamene kamapezeka m'mitundu yambiri. Za Ridgeback zinali zosavuta kuthetsa: galu ameneyo amadziwika ndi mzere wa ubweya womera chobwerera m'mbuyo pamsana, ndipo Tatola alibe. Diso la adokotala a ziweto limathandiza pa zina, monga kuyerekeza msinkhu poyang'ana mano ndi kuona ngati galu wakwanira thupi. Pa dzina la mtundu nawonso amangoyerekeza.

Kabokosi kotchipa ndi kabokosi kodula

Pa intaneti pali timabokosi ta mtengo wotsika, ndipo mayesero ake ndi aakulu kwa munthu amene akuwerengera madola. Ine nditi muzisiye. Atolankhani a kanema ya WBZ ku Boston anatumiza malovu a m'tsaya mwa munthu ku makampani angapo. Ena anabweza uthenga wakuti sanapezemo DNA ya galu, koma kampani ina inayankha mu 2024 kuti mtolankhaniyo ndi 40 peresenti Alaskan Malamute, 35 peresenti Shar-Pei ndi 25 peresenti Labrador. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kampani imene ikufuna chithunzi cha galu isanayeze, muziikayikira.

Timabokosi todalirika timayambira cha m'madola 100 pa mtundu wokha, kufika cha m'madola 200 mukaphatikiza za matenda. Pa mtengo wa kubanki wa mu 2025, pafupifupi K1,750 pa dola, madola 150 ndi K262,500, ndipo aliyense amene anayesapo kulipira kunja ndi khadi chiyambire kugwa kwa kwacha kwa mu Novembala 2023 akudziwa kuti madola a mtengo umenewo sapezeka chisawawa. Pamwamba pake, kabokosiko kayende ulendo wobwera ndi wobwerera. Mwina mudikire wachibale wokwera ndege, mwina mupite ku Blantyre kukalipira makampani otumiza katundu mwachangu, ndalama inanso yambiri.

Funso loyenera ndi lakuti ndalama imeneyo ikugulirani chiyani kupatula dzina. Anthu ambiri amayembekeza ziwiri: kudziwa khalidwe ndi kudziwa matenda.

Za khalidwe ndizo zimene zinkandidetsa nkhawa ine, chifukwa pakhomo pathu pamasewera ana aang'ono a oyandikana nawo. Ndinkaganiza kuti ndikadziwa mtundu ndidziwa ngati adzaluma. Kafukufuku wamkulu amene anatuluka m'magazini ya Science mu 2022, wotsogoleredwa ndi Kathleen Morrill ndi Elinor Karlsson, anafunsa eni agalu oposa 18,000 n'kuwerenga DNA ya agalu oposa 2,000. Anapeza kuti mtundu umafotokoza 9 peresenti yokha ya kusiyana kwa khalidwe pakati pa galu ndi galu mnzake. Pa nkhani ya kufulumira kuuwa mwaukali kapena kuluma galu akaopsezedwa, mtundu sunathandize pafupifupi n'komwe. Chimene chinandiuza zoona za Tatola ndi kumuyang'anira. Mwana akayandikira mbale yake amatani? Amangodzutsa mutu n'kugwedeza mchira. Nkhuku ikadutsa? Apo ndiye panali ntchito, tinataya anapiye awiri tisanamuphunzitse. Amaopa chiyani? Amuna onyamula ndodo ndi phokoso la njinga yamoto. Zonsezi ndinazidziwa m'mwezi umodzi ndili pakhonde, ndipo palibe labotale ikanandiuza.

Za matenda, kabokosi kodula kamayang'ana zilema za m'majini zoposa 200. Chiwerengerocho n'chokopa, koma zambiri mwa zilemazo zimaonekera pokhapokha galu atalandira jini yolakwika kwa bambo ndi kwa mayi omwe, zimene zimachitika kawirikawiri m'mitundu yokweretsedwa pachibale. Galu wachikuda, amene makolo ake anachokera uku ndi uko, sakumana nazo kwambiri. Komanso kukhala ndi jiniyo si kudwala. Mu 2018 akatswiri atatu anachenjeza m'magazini ya Nature za banja lina limene linalola kuti galu wawo aphedwe atayamba kuvutika kuyenda, podalira kuyeza kumene kunaonetsa jini ya matenda opuwalitsa miyendo, chikhalirecho agalu ambiri okhala ndi jini imeneyo sadwala matendawo.

Ndipo zimene zimapha agalu kuno ku Zomba sizili pa tsamba limenelo. Ndi parvo, imene imatsegula ana agalu m'mimba mwa magazi n'kuwamaliza m'masiku ochepa. Ndi distemper, imene imatulutsa mafinya m'maso ndi m'mphuno n'kugwira ubongo. Ndi matenda a nkhupakupa amene amayeretsa nkhama n'kufooketsa galu mpaka kukana nsima. Ndi njoka za m'mimba, mphere, mphutsi zolowa pakhungu nthawi ya dzinja, chotupa chotuluka magazi kumaliseche chimene agalu amapatsirana pokwerana, ndi magalimoto a pamsewu wa M3.

Pamene DNA ingapulumutsedi moyo

Pali malo amodzi pamene sindinganyoze kuyeza. Mu 2001, Katrina Mealey wa pa Washington State University anapeza chilema cha jini yotchedwa MDR1. Jini imeneyi ikakhala bwino imagwira ntchito ngati mlonda wapageti la ubongo, kubweza mankhwala ena kuti asalowe. Ikakhala yolumala mankhwalawo amalowa n'kuunjikana. Chilemachi chimapezeka mwa pafupifupi Collie 7 mwa 10 alionse, mwa Australian Shepherd ambiri (mitundu iwiriyi ndi ya agalu oweta nkhosa), ndi mwa German Shepherd owerengeka.

Chifukwa chake izi zikutikhudza n'chakuti amodzi mwa mankhwalawo ndi ivermectin, amene amagulitsidwa m'mashopu a zaulimi kuti abayire ng'ombe ndi mbuzi, ndipo anthu ambiri amabayira agalu a mphere poyerekeza mlingo ndi maso. Galu wa chilemachi akalandira mlingo waukulu amayamba kutuluka dovu, kudzandira ngati woledzera, kusaona, mpaka kukomoka. Vincristine, mankhwala amene amachizira chotupa chopatsirana chija, nawonso amavuta pa agalu otere, chimodzimodzinso loperamide, amene anthu amamwa akatsegula m'mimba.

Choncho ngati galu amene mwatola ali ndi ubweya wautali, mphuno yosongoka, khosi loyera, kapena mukudziwa kuti anasiyidwa ndi banja la kunja limene linali ndi agalu oweta nkhosa, funso la MDR1 ndi lenileni. Apa pali njira ziwiri zotsika mtengo kuposa kabokosi konse. Yoyamba ndi kuyeza jini imodzi yokhayo, zimene malabotale ena amachita, kuphatikizapo a ku Pretoria ku South Africa, adokotala anu atatumiza magazi kapena malovu. Yachiwiri ndi kungouza adokotala kuti mukukayikira, iwo n'kusankha mankhwala ena a mphere kapena kuyamba ndi mlingo wochepa. Ndipo jini ikhalepo kapena isakhalepo, ivermectin wa ng'ombe woyezedwa ndi maso akhoza kupha galu wina aliyense, wachikuda yemwe. Jakisoni ameneyo asiyireni odziwa.

Amene mukuganiza zodzasamuka ndi galu kupita ku Ulaya musadzivutitse ndi DNA. Kumeneko amafuna kachipangizo ka nambala koikidwa pansi pakhungu, katemera wa chiwewe, kuyeza magazi patatha masiku 30 kuti aone ngati katemerayo wagwira, kenako kudikira miyezi itatu. Ku Britain lamulo la 1991 loletsa mitundu ina ya agalu limaweruza poyang'ana maonekedwe ndi kupima thupi, osati pepala la ku labotale.

Njira ya kwa adokotala

Galu wotola amabwera opanda mbiri. Simudziwa chimene chinamuluma sabata yatha. Chiwewe chimatha kubisala m'thupi masabata kapena miyezi chisanaonekere, ndipo kamtengo kathonje kopita ku America sikayeza zimenezo. Padziko lonse matendawa amapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, pafupifupi onse atalumidwa ndi galu, ndipo ambiri ndi ana. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre amene anafalitsidwa mu 2007 anapeza kuti mwa ana 133 amene anamwalira ndi matenda a mu ubongo, 14 anali a chiwewe, ena mwa iwo atayesedwa kuti akudwala malungo aakulu. Zizindikiro zikangoyamba, mankhwala palibe.

Bungwe la Mission Rabies linayamba ntchito ku Blantyre mu 2015, kumene linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20, kenako linafika kuno ku Zomba ndi ku Chiradzulu. Cholinga chake ndi kubaya agalu 70 mwa 100 alionse, chifukwa pamenepo matendawa amasowa podumphira. Katemera wa pa kampeni ndi waulere, koma galu wotola musamudikiritse kampeni. Pitani naye ku ofesi ya zaziweto msanga. Masabata oyamba mumusunge payekha, kutali ndi ana ndi agalu ena. Akaluma munthu, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo galuyo amangidwe n'kumayang'aniridwa masiku 10.

Pambuyo pa chiwewe pamabwera katemera wophatikiza wa parvo ndi distemper, amene ana agalu amalandira kangapo motalikirana masabata atatu kapena anayi. Mankhwala a njoka miyezi itatu iliyonse. Mankhwala a nkhupakupa ndi utitiri, makamaka dzinja udzu ukatalika. Chakudya choposa madeya okha: ife timaphikira mgaiwa ndi bonya kapena matemba a ku Chilwa, nthawi zina dzira. Ndiye opaleshoni yoti asabereke, kapena kufula ngati ndi wamphongo, imene imachepetsa kuyendayenda usiku, ndewu, chotupa chopatsirana chija, ndi ana otayidwa m'ngalande. Mukaika zonsezi mbali imodzi ndi kabokosi mbali inayo, ndalama zake n'zoyandikana, koma mbali imodzi yokha ndiyo galuyo amaimva m'thupi mwake.

Sindikunena kuti chidwi n'cholakwa. Ngati katemera yense wakwana, opaleshoni yachitika, ndipo ndalamayo sikuchotsa kanthu pakamwa pa munthu, yezani, koma sankhani kampani imene ili ndi agalu a m'midzi ya mu Africa m'nkhokwe yake, ndipo zimene zingatuluke za matenda mukawerengere pamodzi ndi adokotala musanachite chilichonse. Gawo lina limene amalengeza, lokupezerani abale ake a galu wanu, musaliwerengere, chifukwa abale a Tatola ali ku Mpondabwino ndipo palibe anawapukutapo m'tsaya.

Mwana wa achimwene anga ndinamuyankha kuti, "Mwanawe, ngati mtima wopereka ulipobe, tumiza ndalamazo m'malo mwa kabokosi." Anatumiza. Tatola anachitidwa opaleshoni mu Julayi, ndipo masiku 10 anakhala akuyenda ndi kachidebe kapulasitiki m'khosi kuti asanyambite ulusi, akugunda nako zitseko zonse za m'nyumba. Pa fomu, pamene pamalembedwa mtundu, adokotala anandifunsa kuti, "Mayi, tilembe chiyani apa?" Ndinati alembe kuti wachikuda.

Ndalama inatsalako pang'ono. Kuseri kwa ogulitsa nyama ku Mpondabwino kumagona galu wamkazi wofiira, mchira wopindikira m'mwamba, mabere olendewera, amene chaka chilichonse amaswera pansi pa milu ya matabwa. Ndikumuganizira kuti ndi make wa Tatola. Anyamata a pamenepo akhala akumuzoloweza ndi mafupa kuti alole chingwe, ndipo tapangana kuti Lachiwiri m'mawa, msika usanadzaze, tidzamukweze galimoto kupita naye ku Blantyre.